Waya, dongo ndi funso la kumtsinje

Mphunzitsi wa saikoloji pa yunivesite mukamufunsa kuti amafufuza za chiyani, yankho limakhala lalifupi: kakulidwe ka ana, kayesedwe ka nzeru, mmene ana amaphunzirira kuwerenga. Mitu yotereyi imafanana kulikonse, ku Zomba, ku Lusaka, ngakhale ku London, ndipo siingakuuzeni ngati mwini wakeyo ndi mmisiri kapena wongoponda m'mapazi mwa anzake. Umisiri wa wofufuza umabisala pena. Umaoneka pa mmene waumbira funso lake, pa munthu amene wasankha kumufunsa, pa chinthu chimene wamupatsa m'manja, ndiponso pa zimene amachita yankho likabwera lomutsutsa iye mwini. Pa zimenezi, ntchito ya a Robert Serpell a pa Yunivesite ya Zambia ndi yoyenera kuikhalira pansi.

A Serpell anabadwira ku England mu 1944. Atamaliza maphunziro ku Oxford anafika ku Lusaka mu 1965, Zambia itangotha chaka ikudzilamulira, yunivesite isanayambe n'komwe kulandira ophunzira. Pambuyo pake anadzakhala mkulu wa yunivesiteyo kuyambira 2003 mpaka 2006, koma za maudindo tizisiye. Zokoma zili m'zoyesera zingapo zimene anakonza akadali wofufuza wamba.

Masiku amenewo nkhani imene inali m'kamwam'kamwa pakati pa akatswiri inali yakuti ana a mu Africa amalephera mayeso a nzeru ochokera ku Ulaya ndi ku America, makamaka a zithunzi ndi okopera mizere. Mu 1960 a William Hudson, ku South Africa, anafalitsa zotsatira za mayeso awo amene anatchuka kwambiri. Pa pepala panali mlenje atakweza mkondo, gwape patsogolo pake, ndipo pakati pawo kanjovu kakang'ono kataima pakaphiri. Funso linali lakuti mlenjeyo akulozetsa mkondo pa nyama iti. Amene anazolowera malamulo a zojambula za m'mabuku amadziwa kuti chojambulidwa chaching'ono ndiye kuti chili kutali, choncho amayankha kuti gwape. Anthu ambiri osapita kusukulu, kuphatikizapo ogwira ntchito m'migodi, ankati njovu, poti papepalapo ndi imene ili pafupi ndi nsonga ya mkondo.

Zifukwa zinaperekedwa zambirimbiri. Ena analoza mtundu, ena kaleredwe, ena kusowa kwa zidole ndi mabuku m'nyumba. A Mallory Wober, amene sankanyoza anthu a mu Africa ngakhale pang'ono, anaganiza kuti mwina anthu a kuno amakula akudalira khutu ndi kukhudza kuposa maso. Maganizo onsewa, achipongwe ndi achifundo omwe, ankafunafuna vuto mwa mwana. Komatu mlimi aliyense amene anagulitsapo soya kwa mavenda amadziwa kuti thumba likapepuka modabwitsa, choyamba kuchikayikira ndi sikelo. A Serpell anakayikira sikelo.

Kukayikira kokha n'kosavuta. Aliyense angathe kunena kuti mayeso a Azungu ndi okondera, ndipo ambiri ananena, mokweza ndithu. Chovuta ndi kukonza choyesera choti munthu wosagwirizana nawe achione n'kusowa kolowera. Choyamba anachikonza ndi mnzawo wa ku Lusaka komweko, a Jan Deregowski, ndipo zotsatira zinatuluka mu 1971. Ana a sukulu a ku Lusaka ndi a ku Aberdeen ku Scotland anapatsidwa ntchito yoika zinthu m'magulu, nyama ndi magalimoto. Nthawi ina ankagwiritsa ntchito zithunzi za zinthuzo, nthawi ina tizidole togwirika ndi manja. Pa zithunzi ana a ku Scotland anapambana. Pa tizidole kusiyana kuja kunazimiririka. Luso losanja zinthu m'magulu, limene akatswiri ankalitenga ngati chizindikiro cha kuganiza mozama, linalipo mbali zonse ziwiri. Chotchinga chinali pepala.

Imene ndimaisirira kwambiri ndi ntchito imene inasindikizidwa mu 1979 m'magazini ya akatswiri ya British Journal of Psychology. Gwero lake ndi chinthu chimene aliyense woyenda m'makomboni a ku Lusaka ankachiona, monga mmene timachionera ku Ndirande kapena ku Kawale: anyamata akuyendetsa magalimoto amawaya. Galimoto yamawaya si yoipeputsa. Mwana amayang'ana lole yeniyeni pamsewu, n'kusunga maonekedwe ake m'mutu, n'kuwachepetsa osasokoneza msinkhu wa mbali iliyonse, n'kupinda waya mpaka kumanzere kulingane ndi kumanja, matayala azizungulira, chiwongolero chizikhota. Kumeneku ndiye kukopera maonekedwe, luso lomwe lija mabuku ankati ana a kuno alibe. Akatswiri angati anawadutsa ana amenewa pamsewu, akuthamangira kukayesa anzawo ndi pensulo?

A Serpell anatenga ana a zaka pafupifupi 8, ena a ku Lusaka, ena a ku Manchester ku England, onse a m'madera a anthu osalemera. Mfundo imeneyi isatidutse. Akanayerekeza mwana wa m'komboni ndi mwana wa dokotala, wotsutsa akanati kusiyana konse n'kwa chuma, nkhani n'kuthera pomwepo. Anawo anapatsidwa ntchito ya mtundu umodzi, yokopera chimene chaikidwa patsogolo pawo, koma m'njira zinayi: kujambula ndi pensulo papepala, kupinda waya, kuumba ndi dongo, ndi kutsanzira ndi manja mmene woyesa waikira manja ake. Maonekedwe amene ankajambulidwa ndi pensulo ndi omwewo ankapindidwa ndi waya. Chosintha chinali chipangizo chokha.

Ndiye ananeneratu chimene ankayembekezera. Pa pensulo apambana a ku Manchester, chifukwa amayamba kukhwatchakhwatcha pamapepala asanayambe sukulu. Pa waya apambana a ku Lusaka. Pa dongo ndi pa kutsanzira manja sipakhala kusiyana, poti ana a mbali zonse amaumba ndipo amasewera ndi manja. Kuneneratu kotere ndi kudziika pachiswe. Ukanena kuti gulu limodzi lichita bwino, mwayi wokha ungakuthandize. Ukanena kuti apa apambana awa, apo apambana awo, ndipo pawiri apa alingana, njira zoti ulakwe zimachuluka, ndipo ukapezeka kuti walondola palibe anganene kuti wangogwera. Zotsatira zinabwera monga ananenera.

Taonani mmene kakonzedwe kameneka kamatsekera zipata. Wina anene kuti ntchito ya waya ndi yophweka, n'chifukwa chake ana a ku Lusaka anaikhoza. Chabwino, nanga bwanji a ku Manchester inawavuta? Anene kuti ya pensulo ndiyo imayesa nzeru zenizeni. Nanga kukopera chinthu chomwecho ndi waya kukuyesa chiyani? Gulu lililonse linasanduka mboni ya linzake. Ndipo dongo lija, limene likuoneka ngati lopanda nkhani poti palibe anapambana, ndilo likugwira ntchito yaikulu mwakachetechete: likutsutsa aliyense wofuna kunena kuti gulu limodzi ndi lakuthwa m'mutu pa zonse. Chinanso, choyeserachi sichinakonzedwe kuti chikometse mwana wa mu Africa. Chinamulola kugonja pa pensulo, poyera. Chikanakhala chomukondera, bwenzi anthu atachiiwala kalekale.

Panalinso kachinthu kena kamene ambiri pofotokoza nkhaniyi amakadumpha. Ntchito zina anawo anazichita kawiri, akuona ndiponso atamangidwa m'maso, kuti adalire zala zokha. Uku kunali kuyesa ganizo la a Wober lija. Ngati ana a mu Africa amadaliradi kukhudza kuposa kuona, ndiye kuti akamangidwa m'maso ayenera kuwasiya kutali anzawo a ku England. Sizinatero. Onse, a ku Lusaka ndi a ku Manchester, ankachita bwino akamaona kuposa akamapapasa. Ganizo lachifundo lija linayesedwa ndi mkono womwewo umene unayesa achipongwe aja, ndipo nalonso linagwa. Wofufuza amene amayesa maganizo a adani ake okha ndi wandale. Apa mnzake amene ankamufunira zabwino Mwafirika naye sanasiyidwe.

Dongo lomweli ndilonso maziko a mayeso amene dzina lake ndi la m'chinenero chathu: Panga Munthu. Kuyambira mu 1926, pamene a Florence Goodenough a ku America anayambitsa mayeso ojambula munthu, akatswiri akhala akupatsa ana pensulo n'kuwerengera zimene aika pachithunzi: mutu, khosi, mikono yolumikizika pamalo pake, zala, ndiponso ngati miyendo ikulingana ndi thunthu. Mwana akamakula m'maganizo, munthu wake amanka nakwanira. A Serpell anasunga mfundoyo n'kuchotsa pensulo. Mwana amapatsidwa dongo n'kuuzidwa kuti apange munthu, woyesa n'kupereka malikisi pa ziwalo ndi kalinganidwe kake. Chifukwa chosankhira dongo m'malo mwa waya n'chosavuta kuchiona. Waya ndi wa anyamata, makamaka a m'tauni. Dongo lili kudambo lililonse, ndipo mtsikana woumba timiphika ndi mnyamata woumba ng'ombe onse amalidziwa. Silifuna Chingerezi, silifuna kuti mwana akhale atalowapo m'kalasi. A Bernice Ezeilo anawayesa mayesowa pa ana a ku Zambia m'ntchito imene inatuluka mu 1978, ndipo mu 1998 a Ravinder Kathuria pamodzi ndi a Serpell anafalitsa miyeso yosonyeza malikisi amene mwana wa msinkhu wakutiwakuti amapeza, kuti dokotala kapena mphunzitsi adziwe pomuyerekezera.

Apa wina akanakhutira. Koma panali funso limene dongo silikanayankha. Panga Munthu anasintha chipangizo, pamene tanthauzo la nzeru linali lomwe lija la m'mabuku: kuona msanga, kukopera molondola, kugwira ntchito pawekha, mlendo akukuyang'ana. Nanga eni ake ana, akamati uyu ndi wanzeru, amakhala ataona chiyani?

Funso limeneli a Serpell anali atayamba kale kulilondola mu 1973, m'midzi ya Achewa m'boma la Katete kum'mawa kwa Zambia, dera lomwe kuli Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi, kumene Achewa a m'Malawi, Mozambique ndi Zambia amakumana pa mwambo wa Kulamba. Njira yachidule inali yosonkhanitsa akuluakulu pabwalo n'kuwafunsa kuti nzeru n'chiyani. Mayankho akanabwera okoma, miyambi mbwee, pamodzi ndi zonse zimene anthu amaganiza kuti mlendo wophunzira akufuna kumva. Munthu wa ku yunivesite akatsika galimoto n'kufunsa za nzeru, ngakhale nkhalamba imadziwa kuti akunena za sukulu. Choncho funso lawo silinayambire pa liwulo. Linayambira pa kutuma.

Munthu wamkulu ankatchuliridwa mayina a ana angapo a m'mudzi momwemo, ana amene amawaona tsiku ndi tsiku, n'kumuikira chochitika. Chimodzi mwa izo chinali cha kumtsinje: mayi ali kochapa, ndipo wapeza kuti pamalo pamene amayanika zovala masiku onse pali matope. Mwa atsikana awa angatume uti kuti akafune malo ena oyanikapo, ndipo chifukwa chiyani ameneyo?

Funsoli likuoneka lachibwana, koma talimasulani muone mmene analilukira. Ana oti asankhidwe anali a msinkhu woyandikana, atsikana okhaokha kapena anyamata okhaokha, kuti woyankha asathawire ku yankho losavuta lakuti atuma wamkulu, kapena kuti imeneyo ndi ntchito ya atsikana. Ofunsidwa anali anthu odziwa bwino anawo koma osakhala makolo awo, pajatu palibe mayi amene angasiye wake n'kuyamikira wa mnzake pamaso pa mlendo. Chochitikacho ndi cha m'moyo weniweni wa m'mudzi, koma chapatuka pang'ono pa zachizolowezi. Akanafunsa kuti ndani amatunga madzi, akanamva za chizolowezi cha pakhomo basi. Matope aja ndiwo asintha zinthu: mwanayo ayenera kupita yekha, kuyang'ana, kuganizira dzuwa, fumbi, mbuzi ndi minga, n'kubwera ndi yankho limene palibe anamuuziratu. Ndipo chimene ndimachikonda koposa, funsoli limaika woyankha pangozi. Zovala ndi zake. Akasankha molakwa azichapanso yekha. Munthu akamaganizira zovala zake sakamba za m'mabuku, amatchula mwana amene amamudaliradi.

Mawu amene wofufuza ankafuna anabwera okha, m'zifukwa zimene akuluakulu ankapereka. Ena ankati mwana uje ndi wochenjera. Ena ankati amamvera, ndi wokhulupirika, amatumikira. Atawasanja, a Serpell anaona kuti nzeru, kapena nzelu monga amalembera ku Zambia, ili ndi mbali ziwiri zosalekanitsika m'maganizo a anthuwa: kuthwa m'mutu, ndi kukhala munthu woti anzako angakudalire. Kuchenjera pakokha sikunali chiyamiko chokwanira. Kalulu wa m'nthano ndi wochenjera, koma ndani angamutume? Kwa Mchewa izi si nkhani yatsopano, ndipo wina angaseke kuti mzungu anayenda ulendo wonsewu kudzamva zimene agogo amanena pamoto. Chatsopano chinali chakuti mfundoyi inalowa m'mabuku a sayansi kudzera m'njira imene katswiri wa ku Oxford sakanaitaya ngati nthano. Ofufuza ena anadzapezanso zofanana kwina: a Pierre Dasen pakati pa Abaoulé ku Côte d'Ivoire, ndi gulu la a Elena Grigorenko ndi a Robert Sternberg pakati pa Aluo ku Kenya, m'ntchito imene inatuluka mu 2001.

Kenaka panabwera chotsatira chowawa. Ana omwe aja anayesedwa ndi mayeso amene anakonzedwa mosamala kuti agwirizane ndi moyo wa m'mudzi, Panga Munthu ali m'gulumo. Chiyembekezo chinali chakuti mwana amene akuluakulu amamusankha kawirikawiri ndiye apezenso malikisi ambiri. Sizinagwirizane. Mayeso ankaloza ana ena, akuluakulu ankaloza ena.

Apa ndi pamene mmisiri amasiyana ndi wogulitsa malonda. Panali njira ziwiri zodzipulumutsira. Akanatha kunena kuti anthu a kumudzi sadziwa kuweruza ana, amangokonda wofatsa. Akanathanso kuzikwirira zotsatirazo m'kabati, poti zinkachepetsa mayeso amene iwo eni anawavutikira. A Serpell anazilemba, n'kuzitenga ngati phunziro lalikulu la kafukufukuyo: kusintha pensulo kuika dongo kumachotsa chopinga chimodzi, koma sikusandutsa mayeso kukhala maso a mudzi. Mayeso amaona mwana kwa mphindi zochepa ali yekha. Mayi wa kumtsinje uja wamuona zaka, akulera mng'ono wake, akutumidwa kumsika n'kubweza chenje chokwanira, akukumana ndi chovuta popanda womuuza chochita.

Ofufuza ambiri akatola zimene amafuna sabwereranso. A Serpell anawatsatira ana a ku Katete aja kwa zaka zoposa khumi, mpaka atakula, ena atakwatira, ena atakhazikika pa ulimi, ochepa atapitirira ndi sukulu. Anacheza nawo, anachezanso ndi makolo ndi aphunzitsi. Zimenezi ndizo zinabala buku la The Significance of Schooling, limene linasindikizidwa ku Cambridge mu 1993. M'bukumo sukulu anaifanizira ndi makwerero amene amanka nachepa kumtunda: pansi pamalowa khamu, koma sitepe iliyonse imataya ena, ndipo mayeso a Giredi 7 ankataya ambiri chifukwa malo ku sekondale anali ochepa. Tikudziwa ife za Sitandade 8. Anaonanso kuti kwa mwana wa kumudzi, kupambana pa sukulu kunkatanthauza kuchoka. Wokhoza amatengedwa kupita kutauni, wotsala amatchedwa wolephera, ndipo mudzi umene unaumba njerwa za sukuluyo umatsala ndi anthu odziona ngati zotsalira. Chomvetsa chisoni n'chakuti achinyamata ambiri amene anasiyira panjira ankadziimba mlandu okha, ngati kuti mitu yawo ndiyo inali yoperewera, pamene makwererowo anamangidwa kuti ambiri asafike pamwamba ngakhale atakhoza chotani. Zoterezi sungazione pa ulendo umodzi. Zimafuna munthu wobwerera kumudzi womwewo, kwa anthu omwewo, mwana amene anaumba munthu wadongo uja ali ndi ana akeake.

Kuyambira 1989 mpaka 2002 a Serpell anaphunzitsa ku University of Maryland, Baltimore County, ku America, kumene anafufuza mmene ana a m'mabanja osiyanasiyana a mumzinda wa Baltimore amaphunzirira kuwerenga. Koma funso la ku Katete silinawachoke: kodi pali sukulu imene ingalere mbali yachiwiri ija ya nzeru? Anakaipeza ku Mpika, kumpoto kwa Zambia, pa sukulu ya pulayimale ya Kabale, kumene mphunzitsi wina, a Paul Mumba, ankagwiritsa ntchito njira ya Child-to-Child, imene inayambitsidwa ku London ndi a David Morley ndi a Hugh Hawes chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ana a sukulu ankapatsidwa udindo wotsatira kakulidwe ka ana aang'ono a m'dera lawo, kuwerenga makadi a kusikelo, kuona ngati mzere wa kulemera ukukwera kapena ukutsika. Masamu a magirafu ankaphunziridwa pa mwana weniweni amene ali ndi dzina. Anyamata ndi atsikana ankaphunzira m'magulu osakanikirana, kuthandizana. Apanso a Serpell sanathamangire kuyamikira. Anadikira ophunzirawo akule, n'kukawafunsa chimene chinawatsalira, ndipo zimene anapeza anazifalitsa mu 2011 pamodzi ndi a Mumba ndi a Tamara Chansa-Kabali. Dzina la mphunzitsi wa pulayimale lili pamenepo pakati pa olemba, osati m'mawu othokoza a kumapeto. M'mayunivesite zimenezi sizichitika kawirikawiri.

Kusirira sikutanthauza kutseka maso. Ana a ku Katete anali ochepa, a m'midzi yowerengeka, ndipo zimene zinapezeka kumeneko mu 1973 sitingazivale Achewa onse a lero ngati chitenje chimodzi. Ndilinso ndi nkhawa ndi muyeso wa akuluakulu womwewo. Kumvera ndi kutumikira ndi mawu okoma, koma tonse tikumudziwa mtsikana amene amayamikiridwa kuti ngwomvera chifukwa choti amasenza ntchito zonse za pakhomo osadandaula, mpaka homuweki kusowa nthawi. Tikumudziwanso mwana wofunsafunsa amene amatchedwa wamwano. Maso a mudzi ali ndi khungu lawolawo, monga mayeso a pepala ali ndi lawo. Chimene ntchitoyi inachita ndi kuika miyeso iwiriyo poyera, mbali ndi mbali, kuti tione pamene ikusemphana. Kusankha kuti mwana wathu timulere ndi uti, kapena tiisakanize motani, kunatsalira ife, ndipo m'masukulu ndi m'zipatala zambiri mayeso ochokera kunja akadali pampando. Komabe mtima womwewo wokayikira chipangizo unafikanso kwathu: muyeso wa kakulidwe ka ana wa Malawi Developmental Assessment Tool, umene a Melissa Gladstone ndi anzawo anafalitsa mu 2010, unamangidwa pa zinthu ndi zochita zimene mwana wa kumudzi kuno amazidziwa.

Ku dipatimenti ya saikoloji ku Lusaka, mitu ya kafukufuku ya m'badwo wotsatira ikumveka wamba ngati ina iliyonse: kuwerenga m'makalasi oyambirira, udindo wa makolo pakhomo, kayesedwe ka ana. Koma kagwiridwe kake kali ndi chidindo chodziwika cha a Serpell. Mu 2011 panakhazikitsidwa likulu lolimbikitsa kuwerenga la CAPOLSA, mogwirizana ndi Yunivesite ya Jyväskylä ya ku Finland, kwawo kwa a Heikki Lyytinen amene anayambitsa GraphoGame. Awa ndi masewera a pafoni: mwana amamva liwu m'makutu n'kusankha chilembo chake pagalasi, ndipo foni imasunga yankho lililonse, lolondola ndi lolakwa. Anawamasulira m'Chinyanja, chimene panthawiyo chinali chinenero chophunzitsira kuwerenga m'masukulu a boma a ku Lusaka. A Jacqueline Jere-Folotiya anatsogolera kafukufuku wa ana a Giredi 1 amene anatuluka mu 2014, ndipo m'malo mongopatsa ana mafoni n'kuwerenga malikisi, anagawa magulu: kwina anasewera ana okha, kwina aphunzitsi okha, kwina onse. Phindu linaoneka bwino pamene mphunzitsi ndi ana ake onse anadutsa m'masewerawo.

Zolakwa zimene makinawo ankasunga nazonso zinali ndi nkhani yake. Ana ambiri sankalakwa mwachisawawa. Ankasokoneza zilembo zomwezomwezo, makamaka a, e ndi i, chifukwa mayina a zilembozi m'Chingerezi amamveka ngati maliwu a zilembo zina m'Chinyanja. Mwana amene anaimbitsidwa alifabeti ya Chingerezi ku nasale akamva liwu loyamba la "ine" amaloza e, poti ndi mmene anamuphunzitsira kutchula chilembocho. Pa pepala la mayeso ameneyo akanangolembedwa kuti sadziwa kuwerenga.